Madisiki Atatu a Kasingano

9 Malichi

Amake Kasingano,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi mlamu amene akukuwerengerani kalatayi. Mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga maso aja, chifunga chikuchepa kapena chikuonjezereka? Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Kalata yanu inandipeza. Mlamu analemba mwaulemu monga mwa masiku onse, koma ndinaona pamene ulemu wake unathera n'kuyamba mawu anuanu. Munati ndinakutengerani mwana, ndamuika m'manda a eni inu osamuona nkhope, ndiye ndisayerekeze kubwera chimanjamanja, ndikubweretsereni mawu ake. Palibe chimene ndingatsutse. Ndine ndinamuitanira kuno. Ndine ndinati mtsikana wa zala zofulumira pa taipi ngati iye asamangothera pakhomo.

Za mawuwo n'zoona, sanakunamizeni m'kalata yake yomaliza ija. Ankadziwa kuti simukonda kumva za mwana wanu kudzera m'kamwa mwa munthu wina (pepani mlamu), ndiye ankadzijambula mawu pa kompyuta kuti adzawaike pa kaseti n'kukutumizirani. Kasetiyo ndiyo sanafike poipanga.

Ndachoka ku nyumba za fakitale, ndikukhala m'chipinda chake. Chili pamwamba, masitepe makumi anayi ndi awiri, zenera limodzi loyang'ana khoma la nyumba ina. Katani ndi ija ndinasoka ine ndi nsalu yotsala ya mayunifolomu. Nsapato zake zakuofesi zikadali kuseri kwa chitseko, sindinazisunthe. Kompyuta ili pa tebulo, yakale, yachita chikasu ngati mano a wosuta fodya. Anaigula ku ofesi kwawo pamene ankataya zakale. M'dilowa ndinapezamo madisiki atatu. Si aja opyapyala ayi, awa ndi ochindikala, aakulu ngati chikhatho changa, ndipo pa iliyonse analembapo ndi dzanja lake: Amayi 1, Amayi 2, Amayi 3.

Ndinaizungulira kompyuta ija kutsogolo ndi kumbuyo kufuna powalowetsera, osapapeza. Mayi wa chipinda choyandikana ndiye anandimasula. Akuti Loweruka mwanayu ankabwera ndi kabokosi kabuluu kobwereka ku ofesi, n'kukalumikiza ndi chingwe kumbuyo kwa kompyuta, madisikiwo n'kumalowa m'menemo. Ankamumva kudzera pakhoma akuyankhula yekha, nthawi zina akuseka. Kabokosiko anakabweza Lolemba lake lomaliza ku ntchito. Ndiye ntchito yanga ndi imeneyo tsopano, kupeza kabokosi kotero.

Madisikiwo musade nawo nkhawa. Chipinda chino chimachita chinyezi, ndipo loko wake ngakhale mwana akhoza kutsekula ndi supuni. Ndawamanga ndi kansalu n'kuwaika pansi penipeni pa chitini changa chosokera, pamwamba pa maginito aja otolera mapini. Mukuwakumbukira? Mwanayu anawagulula mu sipika ya wailesi yakufa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kumakwawa nawo pansi pa makina anga mpaka dzina la Kasingano linamukakamira. Madisikiwo ali ndi kachitsulo m'mphepete, ndiye amachita kumatirira okha pa maginito, sagwedera ngakhale basi idumphe bwanji. Chitinicho ndimapita nacho ku ntchito, ndimabwera nacho. Mtima umakhalako pansi ndikaganiza kuti zinthu zake zili pamodzi.

Lata la pakona ya kuchipinda lija muwauze akalipentala alikhome mphepo isanayambe. Mankhwala odontheza m'maso ndapatsira dalaivala wa basi ya Lachisanu. Makina anga osokera musabwereke munthu.

Ndine,
Bambo ake a Kasingano


6 Epulo

Amake Kasingano,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Mankhwala aja anafika? Mlamu, moni. Ine ndili bwino.

Ndinapita ku ofesi kwake kukafunsa za kabokosi kaja. Ndinapempha theka la tsiku kwa kapitao, ndinavala jekete. Anandikhazika pa benchi pafupi ndi chitseko kuyambira m'mawa mpaka anthu anayamba kutuluka kukadya. Ndili pa benchipo ndinkaona tebulo lake. Pali mtsikana wina tsopano, wamagalasi, ndipo mpando anautsitsa chifukwa iye ndi wamtali. Sindinamude ayi, koma ndinayang'ana kumbali. Kenaka kunabwera bambo wina wa makiyi ambiri m'chiuno, anandipepesa za maliro bwinobwino, n'kunena kuti zinthu zakale zonse anataya mwezi watha, panopa akugwiritsa ntchito zina. Ndinathokoza. Chimene ndinathokozera sindikuchidziwa, pakamwa panangozolowera.

Mayi woyandikana uja anandilozera msewu wina kuseri kwa siteshoni kumene amagulitsa zamagetsi zakale. Amake mwana, kumeneko zakufa n'zambiri kuposa zamoyo: mawailesi opanda nkhope, mafoni opanda mabatani, zingwe zopiringizana m'madengu. Ndinafunsa m'mashopu asanu ndi imodzi. Ogulitsa ena anandiseka, amati madala, zimenezo zinapita ndi nthawi yake. Pomaliza, pansi pa masitepe a nyumba ina, ndinapeza mayi wina amene onse amangomutcha Mayi wa Mawaya. Ndi wonenepa, wa imvi, amakhala pa kampando ali ndi kachitsulo kowotcherera m'manja, ndipo sayang'ana munthu kumaso mpaka atamaliza chimene akuchita.

Madisiki sindinawatulutse. Msewu uja uli ndi maso ambiri, ndipo sindinafune kuti mawu a mwana wanu azigwiridwagwiridwa ndi manja a girisi. Ndinachita zaumisiri wanga. Ndisananyamuke ndinayeza disiki imodzi ndi tepi, m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala kwake, n'kuijambula pa pepala la patani, ndi kachitsulo kaja komwe. Mayiyo atatambasula pepalalo anaseka mpaka misozi. Akuti zaka makumi awiri pansi pa masitepe amenewa, sanaonepo munthu wobweretsa muyeso wa disiki ngati akufuna kuisoketsera suti. Koma anaizindikira. Kabokosiko akuti amakatcha dilaivi, ndipo za mtundu umenewo anasiya kupanga. Anandifunsa kuti muli chiyani chofunika chotere. Nditamuuza anasiya kuseka, anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la ovolosi yake.

"Ndikusakirani, atelala," anatero. "Koma musandifunse tsiku."

Ovolosi yake ina inali yong'ambika m'khwapa, ndiye ndaitenga kuti ndikaikonze. Mutu umodzi susenza denga.

Ku fakitale andichotsa pa makina, andiika kosita. Akuti n'zakanthawi. Zina tidzakamba pamaso. Nkhuku zija ngati zikukuvutani kuyang'anira mupatseko mlamu. Mukamalemba mundiuzeko ngati mukumadya.

Mwamuna wanu,
Bambo ake a Kasingano


18 Meyi

Amake Kasingano,

Moni kwa inu ndi mlamu. Masabata asanu ndi imodzi ndakhala ndikusuzumira pa bolodi la makalata ku fakitale, dzina langa osaoneka. Sindikudandaula, ndikungofunsa ngati muli bwino. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa ka nthunzi ya kosita, kamene aliyense wa kumeneko ali nako.

Kabokosi kapezeka. Mayi wa Mawaya anakapeza m'katoni ya zinthu zochokera ku sukulu ina imene inkasesa mosungira katundu. N'kabuluu ndithu monga ananenera mayi woyandikana, kakakulu ngati njerwa koma kopepuka, kali ndi kawindo pamwamba ndi pakamwa kutsogolo. Ndinakanyamulira mkati mwa jekete njira yonse.

Koma kanabwera kamaliseche, kopanda chingwe, kopanda adaputa ya magetsi. Maadaputa tinayang'ana asanu ndi awiri tisanapeze yoyenera. Mayiyo amawerenga timanambala ta pansi pake asanalumikize, akuti ukaika yamphamvu kwambiri kabokosi kamapsa nthawi yomweyo, ndipo kena sitikapeza. Chingwe chake, chimene anachivundukula m'dengu, n'chonenepa ngati chala, kumapeto kuli mutu wa timano makumi awiri ndi tisanu. Kamodzi kanali kopindika. Anati kakangothyoka, chingwe chatha ntchito, ndipo manja ake amanjenjemera pa tinthu tating'ono chonchi. Ndinati bweretsani kuno. Ndinakalowetsa pa bowo la singano yaikulu yosokera matumba n'kukadzutsa pang'onopang'ono, osapuma n'komwe. Kanaima. Mayiyo anati ndi manja amenewa mukanakhala dokotala. Ndinati dokotala wanji wosaona matenda ali pamphuno pake. Sanamve chimene ndinkatanthauza, inenso sindinafotokoze.

Anandilembera zochita pa chikatoni, ndipo Lamlungu masana ndinazitsata ngati mwana wa sukulu. Choyamba kuzimitsa kompyuta n'kuzula pakhoma. Kenaka kuitembenuza n'kupeza pamene pamalowa chingwe cha pulinta, chifukwa makompyuta akale alibe khomo lina lolowera kabokosi kotere. Kulowetsa mutu uja osakakamiza, kumanga timabawuti tiwiri ta m'mbali ndi zala. Kuyatsa kabokosi kaye, kompyuta pambuyo. Kanyali kobiriwira kanayaka, Amake mwana. Ndinakhala pa bedi lake n'kumangokayang'ana.

Koma kompyuta sinakazindikire. Zili ngati mlendo wakhala pakhonde, mwininyumba ali mkati osadziwa kuti kwabwera munthu. Mayiyo akuti pakufunika kapulogalamu kozidziwanitsa ziwirizi, ndipo akafunsa kwa anzake. Disiki sindinalowetse, anandiletsa mpaka zonse zitakhala m'malo. Onse atatu akadali m'chitini, palibe chowakhudza.

Potembenuza kompyuta ndinapeza kapini ka tsitsi kake katagwera m'fumbi kuseri kwa tebulo. Ndakaika mu envelopu ino. Mlamu, mukapereke m'manja mwawo, musangowafotokozera.

Mwezi uno sinditumiza katundu pa basi. Chifukwa chake si cholemba m'kalata.

Ndine wanu,
Bambo ake a Kasingano


22 Juni

Amake Kasingano,

Muli bwanji, inu ndi mlamu? Ine ndili bwino, lero ndikunena ndi mtima wonse. Kalata yanu yafika, ya mizere itatu, ndipo ndaiwerenga kangapo. Munati kapini kaja mwalandira, munati mukudya, munafunsa kuti liti. Mzere wachitatuwo ndi umene ndikuyankha.

Loweruka ndinanyamula kompyuta yonse, bokosi lake ndi sikirini yake, kutsika masitepe aja maulendo awiri. Ndinapuma katatu. Kale ndinkasenza mutu wa makina osokera paphewa mpaka kumsika, mukukumbukira, koma lero masitepe andichititsa manyazi pamaso pa mayi woyandikana. M'basi kondakitala anati sikirini ilipire mpando wake. Ndinaiika pamiyendo n'kumuuza kuti ndi mwana.

Mayi wa Mawaya anali atapeza kapulogalamu kaja pa kadisiki kopyapyala. Anakalowetsa, kompyuta inang'ung'udza, osaona kanthu. Anaizimitsa, anaiyatsanso akugogoda batani limodzi mobwerezabwereza mpaka sikirini inasanduka yabuluu, yodzaza malemba. Akuti m'menemo ndi mmene kompyuta imasunga makhalidwe ake, ndipo khomo la pulinta lija linaikidwa kuti lizingotulutsa, osalandira. Ndinati ndiye ndi kapitao wathu ameneyo. Anasintha mzere umodzi. Titayatsanso, pa sikirini panaoneka kachithunzi katsopano ka kabokosi, ndi chilembo chake pansi. Anatenga disiki yake yoyesera, yofanana ndi athu aja, n'kuilowetsa. Kabokosi kanaimeza, kanalira ngati makina othira oilo bwino, ndipo panatuluka zithunzi za ana a sukulu osawadziwa.

Anatambasula dzanja kuti ndimupatse athu. Chitini chinali m'chikwama pamapazi panga, koma ndinakana. Pansi pa masitepe paja pamadutsa anthu, ena amaima n'kumafunsa za mabatire. Mawuwo si a pamsewu. Kunena zoona si anganso, pajatu analembapo kuti Amayi. Mayiyo anamvetsa. Anandiphunzitsa kudina kawiri, anandibwereka timasipika tiwiri ndi wailesi ya kaseti, n'kundionetsa mmene ndingaiikire pafupi kuti ijambule.

Ndiye ndikupempha chilolezo chanu. Kuti ndijambule ndiyenera kumva. Sindingachitire mwina, pokhapokha nditseke makutu ndi thonje, ndipo ndikatero sindidziwa ngati kaseti yagwira. Ngati wanena zina za ine, kapena zachinsinsi za mayi ndi mwana, ndidzaziiwala pomwepo. Ndagula makaseti atatu atsopano, ndi pepala lomwe sindinawavule. Ndidikira yankho lanu mpaka Lamlungu lachiwiri, kenaka ndiyamba.

Mlamu, wailesi ija ya pa kabati muipukute fumbi, muone ngati mbali ya kaseti ikuzungulirabe. Ndikuona ngati Ogasiti asanathe ndidzakhala ndili panjira. Dzulo, koyamba chichitikireni maliro, ndinangozindikira ndikuimba mluzu posita.

Mwamuna wanu,
Bambo ake a Kasingano


3 Ogasiti

Amake Kasingano,

Moni. Muli bwanji? Mlamu ali bwanji? Ine ndili bwino.

Chilolezo chanu ndinalandira, zikomo. Ndamvanso kuti mwauza abale ndi anzanu a kutchalitchi kuti kaseti ikubwera, ndipo wailesi mwaisunthira pafupi ndi bedi. Mukanadikira pang'ono kuuza anthu.

Kuno mphepo yachuluka. Lata lija akalipentala anakhoma? Ngati sanakhome, muikepo mwala. Nkhuku ikayamba kuodzera muziipatula msanga.

Za makina, pali kovuta pang'ono. Mayi wa Mawaya akuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za ulendo wa mwezi uno muyambe mwaiwala kaye.

Makalata muzitumiza ku chipinda chino, osati ku fakitale.

Ndatopa, ndilekere pano.

Bambo ake a Kasingano


14 Seputembala

Amake Kasingano,

Moni kwa inu ndi mlamu, ndikhulupirira mwadzuka. Mlamu, kalata iyi muiwerenge yonse monga ndalembera. Ndikudziwa kuti mumadumpha mizere ina powachitira chifundo akulu anu. Lero musadumphe.

Mwandifunsa kawiri kuti chavuta n'chiyani. Chavuta ndine.

Lamlungu lija ndinasesa m'chipinda, ndinasamba, ndinavala shati yoyera ngati ndikukaonana ndi munthu wamkulu. Ndinaika kaseti mu wailesi. Ndinatsekula chitini, ndinamatula madisiki pa maginito, n'kulowetsa Amayi 1. Kabokosi kanaimeza. M'malo molira bwino ngati tsiku lija, kanayamba kugogoda, kha, kha, kha, ngati singano ikumenya chitsulo. Pa sikirini panalembedwa kuti disiki sikuwerengeka. Amayi 2 chimodzimodzi. Yachitatu ndinaopa kuiyesa. Ndinaganiza kuti mwina chingwe chinamasuka ponyamula, ndiye ndinazimitsa, ndinamanganso, ndinatsata chikatoni chija kuyambira pamwamba kanayi. Dzuwa linalowa kaseti isanazungulire. Madisiki ndinawabwezera m'malo mwake.

M'mawa mwake sindinapite ku fakitale. Ndinanyamula zonse kupita pansi pa masitepe paja. Mayi wa Mawaya analowetsa disiki yake yoyesera, ana a sukulu aja anatuluka akumwetulira. Anati kabokosi kali bwino, tione madisiki anu. Ndinaika chitini pa tebulo lake, ndinachotsa sizasi, choko, ulusi, n'kukoka kamtolo kaja. Kanakanirira pang'ono monga mwa masiku onse, kenaka kanamatuka, mapini awiri akulendewera.

Mayi uja anaika pansi chowotcherera chake. Anandiyang'ana kumaso, iye amene sayang'ana munthu.

"Atelala, akhala pamenepo nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambire Malichi."

Anagwira pakamwa. Kenaka anandifotokozera mofatsa, monga amachitira wopereka uthenga wa maliro. Akuti mkati mwa disiki muli kambale kopyapyala kopakidwa fumbi lachitsulo losaoneka ndi maso, ndipo mawu amasungika m'mene fumbilo layalidwira. Maginito akayandikira amalikoka monga amakokera mapini anga, lonse n'kuyang'ana mbali imodzi. Akuti aliyense wa ntchito yawo amaphunzira zimenezi tsiku loyamba, ndipo ndikanangomuonetsa chitini tsiku lija ndinabwera ndi pepala la patani, akanandikalipira pomwepo, mwina zina zikanapulumuka. Safunsa anadya phula. Ine ndinkati ndikusunga.

Madisiki sanabedwe, chinyezi sichinawagwire, palibe dzanja la girisi linawakhudza. Miyezi inayi ndinayenda nawo m'basi m'mawa ndi madzulo ndikuwapha ndekha, uku ndikukulemberani kuti musade nkhawa.

Popeza ndayamba, ndimalize. Pali china chimene sindinakuuzeni. Lamlungu lomaliza limene ndinamuona mwana wathu akuyenda ndi miyendo yake, ananditulutsira diresi yake yakuofesi kuti yayamba kumukulira. Ndinamuyeza m'chiuno. Mwana ameneyu ndakhala ndikumuyeza chibadwire, muyeso wake ndimausunga pamtima, ndipo tsiku limenelo tepi inalowa zala zinayi. Ndinamufunsa ngati ali bwino. Anati ndili bwino, abambo. Ndinati ndi masitepe awa akukuondetsa. Ndinabweza diresi ija mbali zonse ziwiri, ndinaisita, inamukhala bwino, ndipo ndinanyadira ntchito yanga. Ndinathamangira basi chifukwa m'mawa kunali ovataimu. Patapita masabata asanu anandiitana a kuchipatala.

Ku fakitale anandichotsa mu Julayi chifukwa cha masiku amene ndinajomba. Panopa ndikumata zigamba pamanja, pakona ya msewu wa zamagetsi uja.

Mayi wa Mawaya watenga madisiki onse atatu. Akuti ali ndi mnzake wodziwa kutola zotsalira, ndipo yachitatu inali pamwamba, kutaliko pang'ono ndi maginito. Anandiuza kuti ndisayembekezere kanthu, inenso ndikukuuzani chimodzimodzi. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndangofuna kuti mumve kwa ine, osati kwa dalaivala wa basi.

Ndine,
Bambo ake a Kasingano


19 Okutobala

Amake Kasingano,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi mlamu mwadzuka bwino. Ine sindili bwino. Chifuwa chija si cha nthunzi. Ndinapita kuchipatala, andipatsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, akuti ndikamwa mosadumphitsa ndichira. Thalauza langa ndalibweza kawiri. Ndikumusowa mwana, ndikukusowani inu, ndipo pali masiku amene ndimalira pamaso pa anthu obweretsa zigamba. Zimenezi ndaziika poyamba dala, muona chifukwa chake.

Kalata yanga ija simunayankhe, ndipo sindikudabwa.

Lachiwiri Mayi wa Mawaya anandiitanitsa. Ndinamupeza atatsekera kachitseko kake ka malata, chinthu chimene sachita masana. Anati ziwiri zoyamba zapita, mulibe ngakhale mpweya. Pa yachitatu mnzake uja watolapo kachidutswa kamodzi, kosakwana mphindi. Anali atakakopera mu kompyuta ya mwana wathu, imene yakhala kwa iye chiyambire Julayi. Anandikhazika pa kampando kake, anandionetsa podina, n'kutuluka kukaima panja.

Mlamu, mizere yotsatirayi muidumphe, lero ndine ndikukupemphani. Akulu anu adzamve okha. Ndikuilemba kuti kaseti ikatayika panjira, mawuwa akhale penapake pamene maginito sangafike.

Poyamba pamamveka phokoso ngati mvula pa malata. Kenaka mpando kukhwekhwereza, wa m'chipinda chino, wa mwendo umodzi waufupi. Kenaka iyeyo, iyeyo ndithu, ngati ali kuseri kwa katani:

"Amayi, ndi ine. Muli bwanji? Maso akuvutabe? Ine ndili bwino, musadandaule. Abambo andibwezera diresi lero, akuti masitepe akundiondetsa. Yandikhala ngati ya m'sitolo. Koma amayi, abambo akalamba, akumavutika kulowetsa ulusi pa singano. Ndawalowetsera zisanu iwo akusita, kuti ziwakwane sabata. Musawauze kuti ndakuuzani."

Apa amaseka. Kusekako kumasanduka chifuwa, chachitali, ndipo chifuwacho chisanathe mvula ija imabwerera. Pa madisiki atatu chatsala n'chimenecho.

Singano zisanuzo ndikuzikumbukira. Ndinazipeza m'chitini Lolemba zili kale ndi ulusi, ndinkati ndinalowetsa ndekha n'kuiwala. Iye ankandiona bwinobwino, ine ndili ndi tepi m'manja osamuona. Ndipo "ndili bwino" wakeyo ndamuzindikira, anaphunzira kwa ine. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikukulemberani mawu amenewo, ndipo asanabwere kuno ndi iye ankakuwerengerani pakhonde. N'chifukwa chake kalata ino ndaiyamba mwina.

Lamlungu ndinakhala masana onse pansi pa masitepe paja ndi wailesi pafupi ndi sipika. Ndajambula kachidutswako mobwerezabwereza mpaka kaseti yadzaza mbali zonse ziwiri, kuti musamavutike kufufuza batani lobwezera ndi maso anuwo. Mbali imodzi ikatha, mungotembenuza. Ndinafuna kudula pa chifuwa paja, chala chinali kale pa batani, koma ndinasiya. N'chake, ndipo ine ndachotsa kale zambiri.

Kaseti yachiwiri ndasiya kwa Mayi wa Mawaya, pamodzi ndi kompyuta ndi kabokosi kabuluu. Anakana chilichonse kwa ine, ndiye ndamusokera ovolosi yatsopano ya matumba asanu ndi limodzi.

Maginito ndinapita nawo pa mlatho kuti ndiwaponye. Sindinathe. Ndi iye anandipatsa, ataguluka mano awiri akutsogolo. Ndawakulunga m'thaulo, akhala m'chikwama cha pansi pa basi pamodzi ndi nsapato zake. Kaseti ikhala m'thumba la shati, ndasoka pakamwa pake. Mayi uja akuti kaseti nayonso imaopa maginito. Ulendo uno ndinafunsa.

Ndikwera basi ya Lachisanu, ndifika Loweruka chakumasana. Munati ndisabwere chimanjamanja. Sindikudziwa ngati mphindi yosakwanayi ingatchedwe kanthu m'manja, muweruza ndinu. Mlamu, mugule mabatire anayi aakulu, ndipo mudzabwere pa geti ndi sizasi yodulira ulusi wa thumbali. Ine ndidzakhala kunja kwa mpanda ndi chikwama changa. Mukadzamaliza kumvera, Amake Kasingano, mudzatume mlamu adzandiuze ngati ndilowe.

Ndine,
Bambo ake a Kasingano